Kugula zakudya pa foni: mulipire liti, mulipire ndani?

Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu masiku ano munthu atha kudzaza khitchini yonse osaponda mumsika. Mpunga wa Kilombero, nkhuku, mazira, mafuta ophikira, tomato, chambo cha kunyanja, zonsezi zikugulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo wa njinga yamoto amazifikitsa pageti. Anthu akamakambirana za malondawa amathamangira pa mitengo, kuti uyu ngotchipa, uyu ngodula. Kwa ine mtengo umabwera pambuyo. Chimene chimasiyanitsa wogula wokondwa ndi wogula wodandaula ndi nthawi imene ndalama yachoka m'manja mwake, komanso munthu amene wailandira. Ndalama ikadali kwa inu, wogulitsa amayankha foni msanga, mazira osweka amasintha, nkhuku yosungunuka amabwerera nayo. Ikangopita, mwatsala ndi chikumbumtima chake chokha. Ambiri ali nacho chikumbumtimacho, koma si onse.

Amene mukugula kwa iwo

Tiyambe ndi sitolo yaikulu imene ili ndi nambala ya WhatsApp yolandirira maoda. Mphamvu yake ndi yakuti ili ndi khomo. Zinthu zikavuta mukwera minibasi, mukafika pakauntala, mufunsa manijala. Imapereka lisiti, mitengo yake ndi yolembedwa, ndipo ndalama zimalowa mu akaunti ya dzina la sitolo. Pa zinthu za m'mapaketi monga shuga, sopo, mafuta, ufa woyera, mkaka wa ana ndi matewera, njira iyi ndiyo ndimaikhulupirira kwambiri. Pamene imafooka ndi pa chisamaliro. Amene akugwira foni ndi wantchito amene alinso ndi ntchito zina, ndiye kumapeto kwa mwezi sitolo ikadzaza, uthenga wanu ukhoza kukhala maola angapo osawerengedwa. Komanso wotolera katundu m'mashelefu sadzafinya mapeyala kuti aone ngati apsa. Amatenga zimene dzanja lafikira.

Osiyana kwambiri ndi amenewa ndi amayi ndi abambo amene amagulitsa pa status ya WhatsApp. Ena amakapikula masamba ndi mbatata ya kachewere ku Lizulu kapena ku Tsangano, ena tomato ku Jenda, ena mpunga ku Karonga, ena nsomba ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota. Pa kasamalidwe ka kasitomala palibe sitolo imene ingawapose. Amakudziwani dzina, amakumbukira kuti kwanu simudya nkhumba, amakutumizirani chithunzi cha nsombayo ili pa ayezi musanavomere. Malonda awo onse aima pa mbiri, chifukwa kasitomala mmodzi akadandaula pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kapena la kuntchito, oda ya sabata yonse yatha.

Koma pali chinthu chimodzi chimene wogula ayenera kuchimvetsa za ogulitsa awa, ndipo sichochititsa manyazi ayi. Mpamba wawo ndi wochepa. Kawirikawiri ndalama imene mwatumiza Lachitatu ndi yomweyo imene akapikulira katundu Lachinayi. Ndiye galimoto ikafera panjira nsomba n'kuwonongeka, ndalama yoti akubwezereni palibe, yapita ndi nsombazo. Adzakupepesani ndi mtima wonse n'kukuuzani kuti, "Amayi, ulendo winawu ndidzakuwonjezerani." Ambiri amachitadi zimenezo. Funso loti mudzifunse musanatumize ndi lakuti, ndalama imeneyi itachedwa milungu iwiri, kunyumba kudyedwa? Ngati yankho ndi ayi, musalipiretu yonse.

Palinso wakabaza wotumidwa. Uyu sagulitsa kanthu. Mwamupatsa mndandanda, wapita mumsika wa ku Limbe kapena wa ku Tsoka ku Lilongwe, wagula, wabweretsa. Ndi njira yachangu ndipo mitengo yake ndi ya mumsika weniweni, koma lisiti palibe, ndipo mulu wa tomato ukachepa palibe woti mumudandaulire. Imayenda bwino ngati munthuyo ndi wa pa siteji ya kwanu, amene anzake akumudziwa ndiponso inu mukudziwa kumene amakhala. Mugwirizane za ndalama ya ulendo wake payokha, ndipo ikhale yokwanira. Wakabaza amene mwamufinya pa mtengo wa ulendo amakabwezera pa mtengo wa anyezi.

Za tsamba la Facebook limene lili ndi zithunzi zokongola, mitengo yotsika kuposa ya wina aliyense, lopanda malo odziwika, ndipo likufuna ndalama yonse musanaone kanthu, sindichulukitsa mawu. Musatumize.

Njira zolipirira

Ndalama ya m'manja katundu akafika ndiyo njira imene imateteza wogula kuposa zonse. Mwatsegula jumbo, mwawerenga, mwanunkhiza nyama, kenako mwalipira. Vuto lake ndi chenji. Ndalama yathu yaikulu ndi K5,000, imene idatuluka mu 2022, ndipo oda ya mwezi wonse imafuna mpukutu wa mapepala. Wobweretsa katundu nthawi zambiri amati alibe chenji, mwina zoona, mwina ayi, ndipo timakwacha totsalato timathera pageti. Ganiziraninso za mnyamata amene akuyenda madzulo ndi ndalama za makasitomala asanu m'thumba. Akuba amawadziwa anyamata amenewa. Pa chifukwa chimenechi ogulitsa ambiri safuna njirayi, ndipo sindiwadzudzula.

Kulipira pa foni katundu atafika kumachotsa mavuto onse awiriwa. Mwayang'ana katundu, mwatsegula *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa TNM Mpamba, mwatumiza ndalama yeniyeni popanda za chenji, wogulitsa waona uthenga, wauza wanjinga kuti azipita. Pa njira zonse, iyi ndiyo ndimaikonda. Chimene chimaisokoneza ndi netiweki. Ndalama ikhoza kuchoka kwa inu koma uthenga osafika kwa wogulitsa, wanjinga ali chiimire pageti, maoda ena akumudikira. Zikatero musatumizenso kachiwiri. Jambulani uthenga wanu umene uli ndi nambala ya malipiro, mutumizireni wogulitsa, ayang'ane balansi yake.

Ogulitsa nawo ali ndi chifukwa chokanira kukhulupirira chithunzi chokha. Alipo anthu amene amakonza uthenga wabodza wooneka ngati wa kampani ya foni, kapena kusintha manambala pa chithunzi chakale. Choncho wogulitsa akati, "Dikirani pang'ono ndione ngati yalowa," sakukunyozani. Akale adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa wamalonda ndalama yake ndi imene waiona mu akaunti.

Tsopano kulipiratu, kumene ogulitsa ambiri amafuna. Apa kusiyana kwakukulu kuli pa nambala imene mukutumizako. Nambala ya bizinesi, imene ambiri amangoti till, imaonetsa dzina la sitolo kapena la malondawo musanalowetse nambala yanu yachinsinsi. Kuti munthu aipeze amayenera kulembetsa ku kampani ya foni, ndiye pali poyambira mukafuna kudandaula. Nambala ya munthu wamba imaonetsa dzina la mwini simu. Dzinalo liwerengeni bwinobwino. Ngati mwakhala mukulankhula ndi mayi wina koma dzina lotuluka ndi la bambo amene sanatchulidwepo, imani kaye mufunse. Nthawi zina ndi mwamuna wake kapena mchimwene wake, ndipo wogulitsa wachilungamo amakuuziranitu. Koma mukamva kuti, "Foni yanga yadzaza, tumizani pa nambala iyi ya ejenti," kwa munthu amene simunagulepo kwa iye, dziwani kuti ndalamayo itapidwa mphindi yomweyo ndipo kuilondola kudzakhala kovuta. Ngakhale kuti kuyambira 2018 simu iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, achinyengo amagwiritsa ntchito simu zolembetsedwa m'maina a anthu ena.

Pa nambala ya munthu wamba pamabweranso nkhani ya "muwonjezere yotapira". Wogulitsa akulandira ndalama pa foni, koma kumsika kumene akapikule akufuna ndalama ya m'manja, ndipo ejenti adzamudula potapa. Ndiye amafuna kuti inu mulipire chodulidwacho, pamwamba pa chimene kampani yakudulani kale potumiza. Pa oda yaing'ono siziwawa, koma pa oda ya mwezi wonse ndi ndalama yogulira buledi wa masiku angapo. Nkhaniyi ikambidwe oda isanatsekedwe. Funsani mtengo wonse pamodzi: katundu, ulendo wa wanjinga, yotapira. Wogulitsa amene amatulutsa ndalama zowonjezera chimodzichimodzi, katundu ali kale panjira, akukusonyezani mmene adzachitire tsiku limene zinthu zidzavute.

Kulipira kudzera ku banki, monga pa Mo626 ya National Bank, pa 247 ya Standard Bank kapena pa njira za FDH ndi NBS, kumayenera oda yaikulu, makamaka yopita ku sitolo. Umboni wake ndi wolimba chifukwa umakhala pa sitetimenti, ndipo dzina la akaunti ndi lovuta kunamizira. Kuchokera pamene kampani yolumikiza malipiro ya National Switch idalumikiza mabanki ndi makampani a foni, kutumiza ndalama kuchoka ku banki ina kupita ku ina kapena ku foni kudaphweka. Komabe nthawi zina ndalama yodutsa pakati pa mabanki awiri imachedwa, ndipo sitolo situlutsa katundu isanaione. Ngati alendo akubwera masana, musadalire njira imeneyi m'mawa womwewo. Masitolo ena amatumiza wanjinga ndi kamakina kosuwayipira khadi. Zikapezeka ndi zabwino, chifukwa mukulipira katundu mutamuona ndipo ndalama ikupita ku sitolo. Khadi lisachoke m'manja mwanu, ndipo muone ndalama imene yalembedwa pa makinawo musanadinde nambala yachinsinsi.

Yotsala ndi ya theka ndi theka, imene ndimaiona kuti ndi yachilungamo kwa onse awiri pamene mukugula kwa wamalonda wamng'ono. Mwatumiza gawo loti akapikulire, yotsala mudzamaliza katundu akafika. Iye watetezeka kwa makasitomala amene amaitanitsa nsomba kenako n'kuzimitsa foni, ndipo oterewa alipo ambiri. Inunso mwatsala ndi mawu. Pa oda yoyamba kwa munthu watsopano, yambani ndi zinthu zochepa, zoti zitatayika simulira.

Pamene chisamaliro chenicheni chimaonekera

Moni wokoma pa WhatsApp ndi tizithunzi ta maluwa aliyense angathe. Wogulitsa mumamudziwa pa zinthu zitatu kapena zinayi zimene zimachitika mobwerezabwereza m'malonda a zakudya.

Choyamba ndi katundu amene watha. Mwaitanitsa mafuta a malita asanu a mtundu wina, m'sitolo mulibe. Wogulitsa wabwino amaimba foni n'kufunsa. Wapakati amaika mtundu wina n'kukuuzani katundu ali panjira. Woipa amangochotsa pa mndandanda osanena, ndalama yake n'kukhala chete mpaka mutafunsa. Musadikire kuti muone kuti wanu ndi uti. Lembani pa oda pomwepo kuti, "Chikasowa chilichonse mundiimbire, musasinthe." Pa mkaka wa mwana wakhanda, kapena chakudya cha munthu wodwala shuga, mawu amenewa ndi ofunika zedi.

Chachiwiri ndi mtengo umene wasintha. Chichokereni pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu sikhazikika, ndipo chithunzi cha mitengo chimene mudasunga mwezi watha sichikugwiranso ntchito. Pamene shuga adasowa m'masitolo mu 2024, mtengo wa m'mawa sumafika madzulo. Wogulitsa sangalakwe pokweza mtengo. Amalakwa akakweza mutalipira kale. Mukalipiratu, pemphani kuti akulembereni kuti mtengo watsekedwa. Chimodzimodzi ndi ulendo wa wanjinga: mafuta a galimoto akasowa, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri kuyambira 2022, mtengo wa ulendo umakwera ndipo nthawi yofikira siidziwika.

Chachitatu ndi muyeso, ndipo apa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira. Mumsika timagula ndi maso: mulu uwu, ndowa iyo, beseni ilo. Pa foni maso palibe. Chithunzi cha mulu wa usipa chojambulidwa pafupi chimaoneka ngati phiri. Ndowa ya mpunga ikhoza kukhala yosefukira kapena yongofika pamlomo, ndipo ndowa zina adazimenya pansi kuti zilowe m'kati. Chambo "chachikulu" kwa wogulitsa chikhoza kukhala chapakati kwa inu. Njira yothetsera ndi kugula pa makilogalamu paliponse pamene zingatheke, ndi kukhala ndi kasikelo kakang'ono kunyumba. Pa nsomba, pemphani chithunzi nsombayo ili pambali pa chinthu chodziwika kukula kwake, ngati botolo la madzi. Wogulitsa amene amayesa katundu pa sikelo n'kujambula manambala asanamange ndi wofunika kumusunga, ngakhale mtengo wake utakwererapo.

Ndiye pali kuzizira. Nkhuku, soseji, nyama yogaya ndi yogati zimawonongeka mosaoneka. Magetsi akazima usiku wonse, nkhuku imasungunuka, akayaka imaumanso, ndipo pofika kwa inu ndi yolimba ngati yabwinobwino. Yang'anani madzi ofiira amene aundana pansi pa paketi, ndi chizindikiro chakuti idasungunukapo. Mu October dzuwa likuswa mtengo, ola limodzi m'bokosi la pa njinga yamoto ndi lokwanira kuwononga nsomba yaiwisi. Funsani ngati ali ndi bokosi la ayezi, ndipo zoterezi muziitanitsa m'mawa. Pa za m'mapaketi onani tsiku lothera ntchito wanjinga asanachoke.

Kachinthu kena kakang'ono koma kotayitsa nthawi: nyumba zathu zambiri zilibe manambala odziwika. "Mukafika pa chigayo mukhotere kumanzere, geti yobiriwira" ku Area 25 kapena ku Ndirande ndi mageti khumi. Tumizani malo anu pa mapu a WhatsApp, ndipo foni ikhale pafupi. Wanjinga akazungulira theka la ola chifukwa simukuyankha, kumuwonjezera kangachepe ndi chilungamo.

Kwa amene ali kunja

Achimwene ndi achemwali amene muli ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain mudazolowera zina. Ku South Africa, apu yoitanitsira golosale pa foni ya Checkers Sixty60, imene idayamba mu 2019, imalonjeza kufikitsa katundu pasanathe ola, ndipo Pick n Pay asap! ndi Woolies Dash zimagwira ntchito mofananako. Kumeneko mumalipiratu ndi khadi, koma simuopa, chifukwa zonse zidakonzedwa kale: chinthu chikasowa foni imakufunsani ngati mukufuna china, ndalama ya chosowacho imabwezedwa popanda kukangana ndi munthu, ndipo mumaona pamene wanjinga wafika. Kulipiratu kumeneko n'kotetezeka chifukwa kampani ndi yaikulu ndipo kubweza ndalama ndi lamulo lake. Chovuta n'chakuti zimafuna khadi la banki, limene ambiri mwa abale athu ogwira maganyu alibe.

Cholakwika chimene ndimachiona ndi kutenga chikhulupiriro chimenecho n'kuchiika pa tsamba lililonse limene likuti limafikitsa golosale kwa makolo ku Malawi. Muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kutumiza ndalama kudzera ku Mukuru, WorldRemit kapena Mama Money kuti abale akagule okha, kapena kulipira wogulitsa kuti akasiye katundu pakhomo. Yoyamba imapatsa makolo ufulu wosankha, ndipo iwo amadziwa kumene ufa uli wotchipa kuposa inu amene mudachoka zaka zapitazo. Yachiwiri imathandiza pamene mukudziwa kuti ndalama ikafika pakhomo imakumana ndi mavuto ena khumi isanafike pa chakudya, kapena pamene agogo sangathenso kuyenda kupita kumsika.

Mukasankha yachiwiri, kumbukirani khalidwe la makolo athu. Amayi sadzakuuzani kuti mafuta abwera malita awiri m'malo mwa asanu. Adzati, "Zafika bwino mwanangu, Mulungu akudalitse," chifukwa kwa iwo ndi mphatso, ndipo mphatso saiwerenga. Wogulitsa wosakhulupirika amadziwa zimenezi. Choncho mndandanda wonse utumizidwenso kwa mphwanu kapena mdzukulu amene ali ndi foni, awerenge katundu wanjinga ali pomwepo, ajambule, ndipo gawo lomaliza la ndalama lituluke chithunzicho chikafika. Za anthu amene amalonjeza reti yabwino kuposa ya makampani olembetsedwa, kuti muwapatse ma rand kumeneko iwo apereke makwacha kwa wogulitsa kuno, dziwani kuti ndalama ikasowa panjira imeneyo palibe ofesi imene mungakadandauleko.

Zikavuta

Yambani ndi wogulitsa mwini, tsiku lomwelo, ndi chithunzi, mwaulemu. Nenani chimene mukufuna: kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Zambiri zimathera pamenepa. Kuthamangira kukamuyalutsa pa Facebook musanamupatse mpata kumatseka njira yokambirana, ndipo ngati mwawonjezera zina zosaona mukhoza kudziputira mlandu.

Mauthenga a WhatsApp musafufute, pamodzi ndi uthenga wa malipiro. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limavomereza mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta ngati umboni. Ichi n'chifukwa chake mukagwirizana kanthu pa foni yoimba, ndi bwino kulembanso mwachidule kuti, "Monga tagwirizana, mpunga makilogalamu 25, kufika Loweruka m'mawa." Ngati ndi sitolo kapena bizinesi yolembetsedwa imene ikukana kubweza katundu wowonongeka, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo mawu akuti katundu akagulidwa sabwezedwa sachotsa udindo wa wogulitsa pa chinthu chimene chidali chowonongeka kale. Za chakudya chopitirira tsiku lake ndi masikelo obera, a Malawi Bureau of Standards ndiwo eni ake. Ngati mwaberedwa ndithu, imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo ndalama isanatapidwe, kenako mupite kupolisi ndi nambala ya malipiro ija. Ndipo wina akakuimbirani kuti ndi wa ku kampani, akufuna nambala yanu yachinsinsi kuti akubwezereni ndalama ya oda, dulani foni. Kubwezeredwa ndalama sikufuna nambala yachinsinsi ya wolandira.

Mukandifunsa mmene ndingagawire oda ya mwezi, za m'mapaketi ndingatenge ku sitolo yokhala ndi khomo, kulipira pa till kapena ku banki, lisiti libwere pamodzi ndi katundu. Masamba, mpunga ndi nsomba ndingatenge kwa wamalonda wamng'ono amene wina womudziwa wandilozera, theka poyamba, theka katundu akafika, ndipo tikazolowerana kwa miyezi ingapo ndingayambe kumulipiratu yonse kuti mpamba wake ukule. Nyama ndi nkhuku, kaya ndi kwa ndani, ndimalipira nditazigwira ndi dzanja.